Mgonero wa a Sosten

Foni inalira Abusa Gerishon Kanjedza ali mkati moyanjanitsa makwaya awiri amene ankalimbirana kiyibodi kutchalitchi chawo ku Lisungwi. Anatuluka panja n'kuyankha. Anali mayi Edina a ku Luwani. Amuna awo, a Sosten, mkulu wa mpingo amene anaumba nawo njerwa za tchalitchi cha kumeneko, anali atatulutsidwa m'chipatala madokotala atalephera. Sankapempha zambiri. Ankangofuna mgonero wa Ambuye kuchokera m'manja mwa abusa awo.

"Muwauze ndibwera Lachiwiri m'mawa, mayi. Asadandaule."

Analemba tsikulo pachikhatho ndi bolopeni n'kubwerera kwa oimba aja. Pofika madzulo anali atasamba m'manja kangapo.

Umu ndi mmene Abusa Kanjedza ankagwirira ntchito. Anali ndi nthambi zisanu ndi ziwiri ndi njinga yamoto imodzi, ndipo aliyense wowaitana ankamuvomera. Mlembi wa mpingo, a Gregory, anali atawapempha kangapo kuti maulendo awo azilembedwa pamalo amodzi, ndiponso kuti timilandu ting'onoting'ono azisiyira akulu a mpingo. Abusa ankangoseka, n'kuloza mutu wawo kuti ofesi ili m'menemo. Akazi awo, a Maria, ndiwo sankawanyengerera.

"Ofesi yanuyo ikudontha, bambo. Paja ukwati wa Loweruka uja munaupitira Lachisanu. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga inu asanu ndi awiri?"

Lachiwiri kutangocha pakhomo panafika mwamuna ndi mkazi amene banja lawo linali pafupi kutha, ndipo nkhani yawo inadya tsiku lonse. Lachitatu kunali msonkhano wa abusa ku boma. Lachinayi mphepo inasasula denga la tchalitchi cha nthambi ina, abusa n'kuswera kumeneko akutola malata ndi akhristu. Pobwerera mtima unkawauza kuti pali china chimene sanachite, koma ataganizaganiza sanachipeze.

Anachikumbukira Lachisanu m'mawa, pamene a Gregory anabwera kudzanena kuti a Sosten atisiya. Abusa anakhala pansi pakhonde, nsapato imodzi ili m'manja. A Maria sananene mwambi uliwonse tsiku limenelo.

Ku Luwani anthu anawalandira mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Mwambo wa maliro usanayambe, mayi Edina anatumiza mawu kuti abusa alowe m'nyumba. Anawapeza atakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, mawu atasasa. Anafotokoza modekha kuti Lachiwiri lija a Sosten anapempha kuti awasambitse, awaveke jekete, n'kuwakhazika pampando pakhonde. Njinga yamoto iliyonse ikamveka kumsewu ankadzutsa mutu. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Lachitatu anachitanso chimodzimodzi. Lachinayi sanathenso kukhala tsonga, koma jeketelo anakana kuti awavule.

"Ndinafuna kukuimbiraninso, koma anandiletsa. Anati abusa saiwala, mwina njinga yawonongeka. Kodi inawonongeka?"

Abusa anaona kuti mayiwo awatsegulira okha njira yothawira. Akanangovomera, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo palibe akanadziwa. Anayang'ana bokosi lija.

"Njinga inali bwinobwino, mayi. Ndinaiwala."

Mayi Edina anasalaza chitenje pamaondo. Kenaka ananena kuti athokoza chifukwa chosawanamiza, koma ali ndi pempho limodzi.

"Mukhale nafe ndithu. Koma mawu alalikire wina. Lero sindingathe kukumvani."

Choncho analalikira a Gregory. Abusa Kanjedza anakhala pachipika pakati pa amuna ena, kolala ili m'khosi, anthu akuwaba ndi maso n'kumanong'onezana. Aka kanali koyamba m'zaka khumi ndi zinayi kuti aperekeze mkhristu wawo kumanda osatsegula pakamwa.

Pochoka kumanda anaitanira a Gregory pambali. Anawauza kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense wofuna abusa azidzera kwa mlembi, za makwaya ndi za malata azione akulu a mpingo, ndipo pofika Lamulungu akufuna mayina a odwala onse amene ali gone m'nthambi zonse. Anapezeka khumi ndi mmodzi. Awiri mwa iwo abusa sankadziwa n'komwe kuti akudwala. Anawayendera onse m'sabata ziwiri, ndipo anthu anayamba kunena kuti abusa asintha.

Patapita miyezi iwiri kunali mgonero ku Luwani. Mayi Edina anabwera, atavala zakuda, n'kukhala pamalo pawo pa masiku onse. Anaimba nyimbo zonse, ndipo ulaliki anaumvetsera mpaka kumapeto. Koma abusa atafika pamzere wawo ndi chikho, mayiwo anapinda manja pachifuwa n'kuweramitsa mutu. Abusa anaima pang'ono, kenaka anapitirira kwa wotsatira.