Mkazi Womana Madzi

Chikwanje analanda botolo la madzi m'manja mwa mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, n'kulikhuthulira m'sinki wodi yonse ikuona. Dzinali anam'patsa anzake a pamsika chifukwa cha pakamwa pake.

"Achimwene akufa ndi ludzu inu muli pompo," anatero mlamuyo.

"Alamu, madzi anuwo mukawamwetse amuna anu. Amuna awa ndi anga."

Mwamuna wake, kalipentala wa manja ngati fosholo, anali chigonere pabedi la kuzenera. Impso zinali zitatopa. Mkodzo unkangodontha pang'ono, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo Chikwanje ankauthira m'jagi ya mizere n'kukaonetsa anamwino. Iwo anamuuza mosapsatira kuti madzi osatuluka amatsalira m'thupi, amatupitsa miyendo, kenako amakwera m'chifuwa munthu n'kumabanika. Kapu imodzi patsiku, basi. Pakamwa pakauma, azinyowetsa kansalu n'kumupukuta milomo.

Anamvera. Kalipentala ankapempha, ankanyengerera, mpaka kumutcha "mayi wanga" ngati masiku a chibwenzi. Zikakanika ankatembenukira kukhoma osamuyankhulanso. Chikwanje ankathawira kubafa, kutsegula mpopi kuti anthu asamve, n'kulira. Ngakhale iye madzi ankamwera komweko, mobisa ngati wakuba.

Achibale ankabwera masana atatchena, fungo la sopo guu. Beseni sankaligwira, nsalu zonyowa sankaziona, koma pakamwa lawilawi. Ati mkazi womana mwamuna madzi ndi mfiti, akufuna nyumba ndi makina a matabwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Chikwanje anangoti anene, bola munthu wake adzatuluke akuyenda.

M'mawa wina adokotala anadina mwendo wa kalipentala, chala chinasiya dzenje losabwerera. Anamvetsera m'chifuwa nthawi yaitali, napita. Anamwino anamuitanira Chikwanje pakhonde, namulanda jagi ija mwaulemu.

"Mayi, lekani kuyeza. Apatseni chilichonse chimene akufuna."

Chikwanje anabwerera m'wodi. Anapita kumpopi, nadzaza kapu mpaka kusefukira. Anadzutsa mutu wa mwamuna wake, nautsamiritsa pachifuwa pake.

"Bambo, imwani. Onsewa ndi anu. Ena ndikatunganso."

Milomo inagwedera, koma khosi linali litaleka kumeza. Madzi anayenderera m'mbali mwa kamwa, kudutsa m'ndevu, n'kunyowetsa pilo. Anamupukuta ndi nsonga ya nsalu yake, nabwereranso kumpopi.