Waya pa Fyuzi

Fungo lopserera linamuuza wokonza mawailesi zambiri asanaigwire n'komwe bolodiyo. Mlamu wake anabwera nayo ataikulunga m'thaulo ngati khanda. Inali bolodi yamagetsi ya makina a okosijeni, amene mlongo wake wa wokonzayo ankapumira kunyumba chitulukireni m'chipatala.

"Yangozima yokha, alamu. Ine sindinaigwire."

"Simunaigwire? Nanga waya uyu wadzikulunga yekha pa fyuzi?"

Mlamuyo anazyolika. Fyuzi itapsa m'mawa, iye anamangapo kawaya ka mkuwa, ndipo atayatsa anangomva kuti phu!

Wokonza anapsa mtima, koma nthawi yokalipa panalibe. Anachotsa moto wotsalira mu kapasita yaikulu, n'kuyamba kuyendetsa mita yoyezera magetsi. Pa tizipangizo ta pabolodipo, thiranzisita inali itafa, madayodi awiri nawonso. Anazula ena pa mabolodi akale a TV n'kuwotcherera, thukuta lili kamukamu. Kenako pamalo pa fyuzi analumikizapo babu.

"Likawala n'kuzilala, tapulumuka. Likangowalabe, muli shoti."

Anayatsa. Babu linawala kuti ngwee, osazilala.

Atayang'anitsitsa ndi galasi anakaona: kachipangizo kakuda kolamulira bolodi yonse kanali katang'aluka pakati. Kachipangizo kotero m'tauni monse sikankapezeka, kanali koitanitsa.

"Ingolumikizani mwachidule, alamu, bola apume lero."

"Zachidulezo ndi zimene zatifikitsa pano. Mlongo wanga mwamusiya bwanji?"

"Ndamutsamiritsa pazenera. Milomo yayamba kuda."

Tsiku lotuluka m'chipatala, wodwalayo anali atawagwira manja onse awiri n'kuwalumbiritsa kuti asadzamubwezereko. "Ndikadzalowanso mmenemuja, sindidzatuluka woyenda," anatero, ndipo iwo analonjeza akuseka.

Wokonza anazula chowotcherera kukhoma, n'kuvala jekete.

"Kasakeni galimoto."

"Koma tinamulonjeza, alamu. Akandifunsa ndikati chiyani?"

Wokonza anamuyang'ana mwamuna uja, maso ali psuu, munthu amene kwa miyezi yonseyi ankamusambitsa ndi kumudyetsa mkazi wake yekha. Mkwiyo unatha, panatsala chisoni.

"Mukamuuze kuti mchimwene wake walephera kukonza. Adane ndi ine. Inu akufunani pambali pa bedi."

Anatseka chitseko cha shopu, n'kunyamuka kukamutenga wodwalayo kuti apite naye kuchipatala.