Dzina la Achimwene pa Seva

Ndinalota ndikulowa patsamba loyendetsera seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za kuntchito kwathu. Mabatani a kompyuta anali onyowa ngati lilime. Pasiwedi yanga itakanidwa katatu, achimwene anga a Lameki, amene anandipezera ntchitoyi, anandinong'oneza yawo.

Tsamba linatseguka. Panali mayina a antchito onse, ndipo dzina lililonse linkapuma.

"Achimwene, lanu ndi ili," ndinatero.

"Usalikhudze, mlongo wanga. Ndili ndi ana."

Ndinadina pofufutira. Mawu awo anazima, kenako nkhope, mpaka panatsala nsapato zokha. Ndinakhala pampando wawo ukadali wofunda, ndipo ndinamva kukoma.

Kaya ndi maloto chabe, kaya ndi mmene mtima wanga ulili, sindikudziwa. Lero atandipatsa moni kuofesi, ndalephera kuwayang'ana kumaso.