Mbande za Kumanda

Mitengo yonse imene komiti ya pamsika wa Petauke inabzala inathela m'matumba a makala. Pampu ya sola inkangothilila zitsa. Amai Ezelina, ogulitsa tomato amene ankatsogolela komitiyo, zinawakwana.

"Kumanda kokha ndi kumene nkhwangwa siifika," anauza anzawo. "Tikazule mbande kumeneko, tione amene adzadule."

Anzawo anakana, ndiye anapita okha. Anazula timitengo ta mbawa pakati pa mitumbila, kamodzi kumutu kwenikweni kwa malemu amuna awo, a Wilbroad.

Mbandezo zinagwila msanga, ndipo palibe anayelekeza kuzikhudza. Msewu wa kumsika unabiliwila. Koma anthu akamadutsa pansi pa mitengoyo ankapezeka avula zipewa ndi kutsitsa mawu, ngakhale alendo ongotsika basi. Mbalame sizinkatelamo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, amai Ezelina anakhala pafupi ndi benchi yawo, pamthunzi wa mtengo wocokela kumutu kwa amuna awo uja. Mphepo kunalibe. Nthambi imodzi inatsika pang'onopang'ono n'kuwagwila paphewa lamanzele, pomwe a Wilbroad ankawagwila akafuna kuti azipita kunyumba.

Amai Ezelina anayamba kulongedza tomato wawo.