Mamausi Atatu pa Sikelo ya Tiyi

Ntchito ya Mervis pa fakitale ya tiyi inali yoyeza. M'mawa uliwonse ankalowa m'chipinda cholawira tiyi, n'kuyala makapu oyera makumi atatu pa thebulo lalitali, ndipo m'kapu iliyonse ankathiramo masamba okwana magalamu awiri ndi theka, osapitirira, osaperewera, kuti a Zakeyu, mkulu wolawa tiyi, adzapeze zonse zili m'malo. Zaka khumi ndi chimodzi za ntchito imeneyi zinamuphunzitsa kuti anthu ambiri amene ankawadziwa, akanati awaike pa sikelo yakeyo, sikanagwedezeka n'komwe. Mmodzi wa anthuwo anali mwamuna wake, Raphael.

Pokwatirana, Raphael anali fitala, munthu wa sipanala m'thumba ndi girisi m'zikhadabo, amene makina akaima fakitale yonse inkafuula dzina lake. Kenako tsiku lina makina odula masamba anamugwira dzanja lamanja pamfundo. Kuchipatala analisoka, linapola, koma mphamvu sizinabwerere. Kampani inamusamutsira ku sitolo ya zipangizo kuti azikalemba mabauti otuluka ndi olowa. Mervis anamumvera chisoni chaka chimodzi chathunthu. Chaka chachiwiri chisoni chinatha, chifukwa m'pamene kunabwera Keith.

Keith ameneyu anachokera ku Joni ndi ndolo kukhutu, nsapato zoyera zimene matope a ku Thyolo anali asanazilangize, ndiponso makompyuta asanu. Anatsegula kachipinda pa Bvumbwe, kuseri kwa ogulitsa kabichi, momwe amuna a ndevu zawo ankakhalamo masana onse a Loweruka akuwomberana mfuti zabodza ndi anthu osawaona. Raphael analowamo kamodzi kukabisala mvula. Pofika chaka chino anali ndi laputopu yakeyake yogula kwa munthu, ndipo thebulo lodyera la m'nyumba ya kampani linali litasanduka bwalo la nkhondo.

Lamulungu lina masana, atabwera kutchalitchi, Mervis anamupeza atakulunga dzanja m'kansalu konyowa.

"Latupanso?" anafunsa, osati chifukwa chofuna kudziwa.

"Ndi mausiyi," anatero Raphael, akuloza kachipangizo kakuda kamene ankakakwekweza pa thebulo posewera. Kanali kotayidwa ku ofesi, mabatani ake atayererako ndi zala za makalaliki. "Ndi yolemera ngati chidutswa cha njerwa. Ndikasewera ola limodzi mfundoyi imayaka moto. Ndiye mpikisano wa ku Blantyre uja watsala masabata awiri. Matimu khumi ndi asanu ndi limodzi, mayi a Mwai. Keith akuti tipeze yopepuka."

"Mbewa yopepuka," Mervis anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa chinthu chowola. "Kwathu ku Kapichi amuna amafuna mbewa zonona, zoti ana adyere. Inu mukufuna yowonda."

Raphael anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Chimenecho n'chimene chinkamunyansa kwambiri Mervis: mwamunayo ankalandira chipongwe ngati mphatso.

Lachitatu kunagwa chiperoni kuyambira m'mawa, mizere ya tiyi itabisika m'nkhungu mpaka kumunsi kwa damu. Nthawi yopuma masana, Mervis akutsuka makapu, chitseko cha chipinda cholawira chinatseguka. Analowa Raphael atakumbatira timabokosi titatu m'jumbo, Keith ali pambuyo akupukuta nsapato zake pa chiguduli. Wamalonda wina wa ku Limbe, mnzake wa Keith, anali atawabwereka mamausi atatu kuti ayese, asankhe imodzi, enawo abweze mawa lake.

"Alamu," anatero Keith, mano onse panja, "tamva kuti sikelo yanu sinama. Mutiyezereko tizinthuti."

Mervis anayang'ana a Zakeyu, amene anali pakona akudya chinangwa chawo, poyembekezera kuti awathamangitsa. M'chipindamo simunkaloledwa ngakhale munthu wodzola mafuta onunkhira. Koma mkuluyo anasendeza mpando, maso ali gwa pa mabokosiwo ngati mwana woona zidole.

"Ayezereni, mayi," anatero a Zakeyu. "Nanenso ndione."

Yoyamba kutuluka inali yoyera, yopanda chingwe, msana wake wonse uli zibowozibowo ngati chisa cha mavu. Pa bokosi panalembedwa kuti magalamu 58. Mervis anainyamula ndi zala ziwiri, monga amanyamulira chinthu chimene galu wasiya pakhomo, n'kuiika pa sikelo.

"Sikisite-folo," anatero. "Bokosi lanu lanama ndi magalamu asanu ndi limodzi."

"Ndi batire imeneyo," Keith anayankha msanga. "Iwo amayeza popanda batire."

"Ndiye muzikasewera popanda batire."

Yachiwiri inali yakuda, yosabowola, ya chingwe chofewa ngati chomangira nsapato. Inakwana magalamu 69. Yachitatu inali yaikulu, yokhala ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira tothwanima m'mbali, ndi mabatani ochuluka ngati wailesi. Imeneyo inafika 81, ndipo Raphael ndi Keith onse awiri anaikankhira kumbali osaiyang'ananso, ngakhale kuti a Zakeyu anati kwa iwo yokongola inali yomweyo.

Apa m'pamene mkangano unayamba, ndipo Mervis anaimirira manja ali m'chiuno, akumvetsera amuna awiri akuluakulu akutsutsana za magalamu asanu ngati akugawa munda wa masiye. Keith ankafuna yoyera ija. Ankati akatswiri onse akunja amagwira yotero, kuti chingwe chimakoka dzanja, kuti pa mpikisano munthu amafa kapena kupha m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira. Raphael anayala kansalu kake kosewererapo pa thebulo la makapu, n'kugwira yoyerayo. Inali yaifupi, yofuna kuti zala zipindike ngati za nkhanu, ndipo atangoiyendetsa kanayi kasanu uku ndi uku, nkhope yake inachita tsinya. Anagwira yakuda ija. Msana wake unali wotukuka, chikhatho chonse chinagonapo. Anaitsetsereka kumanzere, kumanja, kuinyamula, kuitsitsa, kudina, kudinanso, khutu ali nalo pafupi ngati mmene ankamverera makina kale.

"Iyi," anatero.

"Aise, yolemera ndi imeneyo!"

"Yoyerayo ikufuna zala, ine zala ziwirizi sizipinda bwino. Iyi ndikuyendetsa ndi mkono wonse, mfundo ikupuma. Komanso ya chingwe siifa batire pakati pa gemu. Ndipo thukuta langali, m'zibowomo lingalowe tsiku limodzi lokha."

"Mnyamatayu akuganiza," anatero a Zakeyu akugwedeza mutu.

Mawu amenewo ndi amene anamutokosola Mervis. Zaka khumi ndi chimodzi, mkulu ameneyu anali asanamuuzepo iye kuti akuganiza. Pa windo ankaona amayi othyola tiyi akukwera chitunda m'chiperonimo, mapepala apulasitiki atamanga m'chiuno, madengu odzaza ali kumsana. Pakhomo panali pataima anthu atatu anayi a mu fakitale, obwera kudzaonerera.

"Bambo a Mwai," anatero mokweza, kuti a pakhomowo amve bwino, "taonani panjapo. Azimayi anzangawo asenza makilogalamu makumi awiri kuyambira mbandakucha, ena ali ndi pakati. Inu bambo wathunthu mwasiya ntchito kudzalira magalamu asanu. Makina aja akanangomaliza dzanjalo, bwenzi pano tikudziwa kuti m'nyumba muli wolumala, osati mwana wachiwiri."

Wina pakhomo anayamba kuseka n'kulekeza panjira. Keith anayang'ana nsapato zake. A Zakeyu anatsokomola, n'kuvundikira mbale yawo ya chinangwa.

Raphael sanaseke ulendo uno. Anapinda kansalu kake mosamala, nabwezera mausi iliyonse m'bokosi lake, zingwe atazikulunga bwinobwino.

"Zikomo potiyezera," anatero, natuluka.

Mervis anatenga nsalu ndi sopo n'kutsuka sikelo yake kawiri.

Masiku khumi otsatirawo Raphael sanaseweretse laputopu m'nyumba. Akaweruka ankakwera minibasi ya ku Bvumbwe, n'kubwera nthawi ya chakudya chamadzulo. Ankadya, kuthokoza, kuthandiza Mwai masamu a kusukulu, basi. Mervis anaona ngati wapambana. Thebulo linabwerera kukhala thebulo, ndipo anayalapo nsalu yoluka ija imene inakhala m'sutikesi zaka ziwiri. Anauza Alesi, mkazi wa dalaivala wa thirakitala wa khomo loyandikana nalo, kuti matenda ena safuna jekeseni, amafuna mawu amodzi okha olasa.

Loweruka la mpikisano Raphael ananyamuka m'mawa ndi kachikwama kumsana. Mervis sanafunse kuti abwera liti. Tsiku lonselo, akuchapa, akusita, akusenda nthochi zophika, ankakonza mawu omulandirira. Anali nawo amitundu itatu. Ngati akadzati vuto linali netiweki, yankho linalipo. Akadzati magetsi, linalipo. Akadzati mausi yakuda ija inamugwiritsa fuwa la moto, pamenepo ndiye anali ndi mawu okoma kwambiri, oti ngakhale Alesi adzawamve kudzera pa khoma.

Raphael sanabwere Loweruka. Lamulungu m'mawa kunabwera uthenga wa pa foni wa mizere iwiri: ali ku Khwethemule kwa mlongo wake Tione, abwera Lolemba molunjika kuntchito. Mervis anamwetulira. Munthu wogonja amathawira kwa alongo ake. Kutchalitchi anaimba mokweza kuposa masiku onse.

Lolemba, akuyala makapu, a Zakeyu analowa akuvula chipewa chonyowa.

"Mayi, mwaphika chiyani kunyumba? Nkhuku yafa kapena ayi?"

"Nkhuku ya chiyani, bambo?"

Mkuluyo anamuyang'ana modabwa.

"Simunamve? Anyamata athu atenga nambala thuu. Pa matimu onse aja. Anagonja komaliza kwenikweni, kwa ana a ku yunivesite. Akuti amuna anu ndi amene anawanyamula anzawo, mpaka olengeza uja anasasa mawu. Fakitale yonse ikudziwa kuyambira Loweruka madzulo. Tione wachita kupha mbuzi."

Mervis anapitiriza kuthira masamba m'kapu. Sikelo inawerenga magalamu atatu ndi theka. Anachotsako, inawerenga awiri. Anakhuthula zonse n'kuyambiranso.

"Nambala thuu," anatero. "Ndiye kuti anagonja."

A Zakeyu anatenga supuni yawo n'kuyamba kulawa kuchokera kumapeto ena a thebulo.

Madzulo Raphael anafika panyumba dzuwa lisanalowe. Anapereka moni mwaulemu, ngati mlendo wodziwa mwambo. Anamupatsa Mwai phukusi la nyama yootcha yochokera kwa azakhali ake. Za Blantyre sanatchule, ndipo Mervis anadikira, atakhala pa mpando wa pakhomo la kukhitchini, kuti mwamunayo ayambe kudzitama kuti iye apeze pogwira. Raphael analowa kuchipinda, natulutsa bokosi la laputopu, mahedifoni ndi zingwe zonse zimene zinali pansi pa bedi.

"Izi zizikhala kwa Keith," anatero. "Timu ikufuna tizikonzekera Lachisanu mpaka Lamulungu. Kuli mpikisano wina ku Lilongwe mwezi wa mawa. Ndizigona konko masiku amenewo, kuti ndisamakusokonezeni."

"Mwachita bwino. Zinyalala zichepe m'nyumba."

"Eya," anatero Raphael, namanga bokosilo ndi chingwe cha mphira.

Mervis anamuyang'ana akutsika kanjira ka pakati pa tiyi kupita kumsewu, bokosi lili paphewa lamanzere, mpaka anakhota pa mitengo ya bulugamu.

Alesi anali pa mpanda akuanula zovala, ndipo mwachionekere anali atamva zonse. Anabwera akupukuta manja pa chitenje, foni ili m'manja.

"Anzanga, kodi kavidiyo kaja munakaona? Aliyense ali nako. Bambo a kwathu akaonera mwina kakhumi."

"Ndilibe nthawi yoonera zibwana."

Koma Alesi anali atakayatsa kale n'kumuika foniyo m'manja. Munali holo yodzaza anthu, ambiri ovala bwino, ena ataimirira pa mipando. Wojambulayo anali kumbuyo, moti Raphael ankangooneka msana ndi mkono wamanja, ukusesa pa thebulo mofatsa, mopanda phuma, pamene anzake anayi, ataphedwa kale m'gemumo, anali atachotsa manja pa makompyuta awo, atagwira mitu, akuyang'ana kwa iye. Kenako holo yonse inaphulika. Anthu ankafuula dzina limodzi mobwerezabwereza, akumenya mipando.

"Akuti chiyani?" anafunsa Mervis.

"Akuti Fitala. Ndi dzina lawo la m'gemumo. Simumalidziwa?"

Kavidiyoko kanatha, n'kuyambiranso kokha. Mervis anakasiya kuti kafike pakati, pomwe mwamunayo anatembenuka pang'ono, akuseka kuseka kumene iye anali asanakuone chichokereni m'chipatala. Anabweza foniyo kwa mwini wake.

"Malaya avalawo ndinasita ndine," anatero, nalowa m'nyumba kukayatsa mbaula.