Dzanja la Make Mapasa

Mumsewu wa kuseri kwa msika munalibe mkazi amene sankadziwa zala za Make Mapasa. Akakuluka iyeyo, masiku atatu oyamba unkagona chafufumimba chifukwa mutu sunkafuna pilo, koma tsitsilo linkatha miyezi iwiri osamasuka ngakhale kamzere kamodzi. Saluni yake inali kachipinda chabe: mipando iwiri yapulasitiki, benchi ya odikira, kalilole wosweka pakona, ndi katani yobisa ndowa ndi mbaula yotenthetsera madzi.

Ndiye kunabwera ngozi ija. Minibasi imene anakwera pokagula meshi inaphulika tayala n'kukagwera m'ngalande, iye n'kutulukamo dzanja lamanja litathyoka pamfundo. Fupa linagwirana, adokotala anadinda kalata yoti wachira. Koma dzanjalo linali ndi maganizo akeake. Akaluka mizere isanu, chala chachikulu chinkachita dzanzi, ululu n'kukwera mpaka m'chigongono, chipeso n'kupulumuka chokha.

Kunja kwa nyumba yake, zimenezi ankazidziwa anthu awiri basi: iye ndi mlamu wake, mchemwali wa bambo a mapasa, amene anamuitana kudzathandiza. Anapangana mochenjera, inu. Make Mapasa ankagawa mizere, n'kuluka yakutsogolo imene imaoneka pakalilole. Akafika kunkhongo ankaweramitsa kasitomala, n'kunena kuti, "Mlamu, tandigwirireni apa ndikaone madzi." Mlamu ankapitiriza mwakachetechete, iye n'kubwerera kudzaima pambali pomwepo, pakamwa pakuyenda ngati kale. Munthu woweramayo ankangomva manja ndi nkhani, osadziwa kuti manjawo ndi a wina.

Chobisira chinalipo. Tsidya la msewu atsikana atatu anali atatsegula saluni ya magalasi khoma lonse ndi nyimbo zogonthetsa m'khutu. Mawu oti "dzanja la Make Mapasa linatha" akanangotuluka, msewu wonse ukanaoloka.

Za chipukuta misozi cha ngoziyo Make Mapasa anali atazitaya m'madzi. Dobadoba wina wa jekete lonyezimira anamupeza akadali pabedi kuchipatala, anamusainitsa mapepala, ndiye chaka ndi theka inali nyimbo imodzimodzi: fayilo ili kwa loya, loya ali kukhoti, khoti lasintha tsiku. Ndipo a inshuwalansi ankangoona kalata ya dokotala. Fupa lagwirana? Basi nkhani yatha, kaya ndiwe woluka tsitsi, kaya ndiwe mlonda wongokhala pageti.

Kenako zinthu zinasintha. A inshuwalansi anawachotsapo madobadoba pakati. Munthu unkalemba wekha fomu ya tsamba limodzi, iwo n'kutumiza woyeza kuntchito kwako kuti adzaone ndi maso zimene kuvulalako kunakulanda, yankho n'kubwera mwezi usanathe. Make Mapasa analemba mobisa, ndipo atamufunsa tsiku anasankha Lachiwiri m'mawa, nthawi imene m'saluni mumangouluka ntchentche.

Koma tsoka sasimba. Lachiwiri lomwelo akazi a abusa anafika akufuna kulukidwa chifukwa mawa lake kunali msonkhano wa amayi. Kumbuyo kwawo kunali Wailesi, mayi wogulitsa nsapato amene dzina lake lenileni anthu analiiwala kalekale. Iyeyo sanabwerere tsitsi ayi, anangoona chitseko chotsegula.

"Mwamva za mwana wa alandilodi?" anayamba Wailesi asanakhale n'komwe. "Eti mimba ija si ya wanjinga yamoto, ndi ya..."

"Odi kuno!"

Pakhomo panaima mayi wamfupi wamagalasi, nsapato zafulati, chikwama chakuda m'khwapa. "Ndachokera ku inshuwalansi. Ndabwera za dzanja lija."

Wailesi anapenda mlendoyo kuyambira kunsapato mpaka kumagalasi, n'kunong'oneza akazi a abusa, kunong'ona kwake kuja komveka mpaka kumsika: "Amenewa ndi aja otseketsa malo a anthu. Akaona kuti sukutha ntchito amalanda chiphaso. Tiyeni timuthandize mnzathuyu."

"Sindilanda chiphaso cha munthu ine, mayi," anatero mlendoyo akumwetulira. Anatembenukira kwa Make Mapasa. "Pali poti tikakambirane awiri?"

Make Mapasa anayang'ana katani ija. Makutu a Wailesi amaboola khoma la njerwa, nanji nsalu? Kuwatulutsa makasitomala ndiye kunali kuitana msika wonse. "Tikambe pompano," anatero.

Mlendo anakhala pabenchi n'kutulutsa fomu ndi cholembera. "Chichitikireni ngozi, ntchito ikuyenda bwanji?"

"Ikuyenda ngati madzi!" anayankha Wailesi, mwiniwake asanatsegule pakamwa. "Ngozi iti? Dzanja limeneli ngozi inangolinola. Kale ankaluka, koma pano ndiye akuluka. Taonani kunkhongo kwangaku, sabata yachinayi ino. Gwirani, musaope, ndinasamba."

"Ine sindinganame, ndine mkazi wa abusa," anawonjezera enawo. "Mwezi watha anandiluka mutu wonse yekha, osapuma, osadandaula. Mlamu wakeyu ntchito yake n'kupatsira meshi basi."

Mlamu anatsokomola. Cholembera cha mlendo chinali chikuthamanga papepala, ndipo Make Mapasa ankachiona. Mawu aliwonse omutama ankamudyera chipukuta misozi chake iye akuyang'ana. Koma inu, kutamidwa n'kokoma. Chaka ndi theka anavutikira mawu amenewa, ndipo lero anali akumveka pamaso pa mlendo. Akanangokhala chete, mayiyo akanatseka chikwama n'kumapita, dzina likanatsala lonse lathunthu, dzanja n'kumangofa pang'onopang'ono kuseri kwa katani.

"Ndiye dzanja silikuvutani?" anafunsa mlendoyo, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi.

Mlamu anamuponda chala chakuphazi, kuponda kwenikweni.

"Mayi busa, khalani pampando," anatero Make Mapasa. "Lero musawerame. Muziyang'ana pakalilole."

Anagawa mzere woyamba, wowongoka ngati wajambulidwa ndi rula. Analuka. Wachiwiri. Wachitatu. Wailesi anali akuombera m'manja: "Mukuona? Makina amenewa!" Pa wachisanu thukuta linayamba kutsika m'khosi mwake. Pa wachisanu ndi chimodzi chala chachikulu chinauma gwa, tsitsi linapulumuka, chipeso chinagwa pasimenti n'kudumphira pansi pa benchi. Dzanjalo linatsala m'malere likunjenjemera ngati la nkhalamba, aliyense akuliona.

"Apa," anatero Make Mapasa, "ndi pamene ndimati ndikaone madzi."

Kenako anatembenukira kwa amayi awiri aja.

"Kunkhongo kwanuko, Wailesi, si ine. Ndi mlamuyu. Mayi busa, mutu wanu uja ine ndinaluka mizere isanu. Kale ndinkamaliza mitu inayi patsiku ndekha. Pano iwiri, ndipo tili awiri. Kunyumba ndowa sindinyamula, zovala za mapasa amafinya bambo awo."

Mlendo anadula mizere yonse imene analemba poyamba ija, mosakwiya n'komwe. "Musadandaule, ndazolowera. Dzulo ndinali kwa kalipentala wothyoka msana. Anzake anamutama mpaka anatsala pang'ono kumukweza padenga kuti ndione." Anatulutsa kachipangizo kofinya kokhala ndi muvi ngati wa sikelo, anamufinyitsa ndi dzanja ili, kenako linalo. Anamupindisa chala uku ndi uku, anafunsa mlamu mafunso angapo, n'kulemba tsamba lonse.

Akazi a abusa anali atagwira pakamwa. "Ndiye ine ndachitira umboni wonama, pamaso pa mlendo?"

"Simunadziwe, mayi."

"Abusa asamve."

Koma amene anapwetekedwa zedi anali Wailesi. Anaimirira, manja m'chiuno. "Chaka ndi theka! Ine ndimadziwa amene wagona ndi njala mumsewu muno, ndimadziwa amene wabwereka diresi la ukwati. Ndiye nkhani yonseyi ikuchitikira pamutu pangapa, kunkhongo kwanga kwenikweni, ine n'kumakamba za mwana wa alandilodi? Iwe Make Mapasa, ndiwe mfiti. Ndipo iwe mlamu, nkhope yofatsayo, ndiwe mfiti yaikulu."

"Ndiye kunkhongoko kwamasuka?" anafunsa mlamu, amene tsiku lonse samatha mawu khumi.

Wailesi anagwira kunkhongo, anakoka, anakokanso. "Sikunamasuke," anavomera monyinyirika. Akazi a abusa anayamba kuseka, mlendo naye anaseka, ndipo Make Mapasa anaseka mpaka misozi, osadziwa ngati ndi ya kuseka yokha.

Dzuwa lisanapendeke msika wonse unali utamva, ndi zokometsera zake. M'nkhani ya Wailesi, iye ndi amene anazindikira kalekale n'kusunga chinsinsi chifukwa cha chifundo. Makasitomala atatu anaolokadi msewu, mmodzi wa iwo amene Make Mapasa anamuluka pa ukwati wake. Zinamuwawa, tisaname. Koma ena onse anabwerabe, ena kudzalukidwa, ena kudzangoona dzanjalo ngati kanema.

Patatha masabata atatu yankho linafika. A inshuwalansi anavomera kuti dzanjalo linamulanda theka la ntchito. Ndalama zinalowa mufoni mwake momwe, popanda wa jekete wodulapo pakati, ndipo anamulembera kwa dokotala wa mafizo kawiri pasabata kwa miyezi isanu ndi umodzi. Dokotalayo anamukalipira ngati mwana chifukwa chozunza dzanja nthawi yonseyo, n'kumuuza kuti mwina silidzabwerera mwakale, koma kunjenjemera kutha.

Anagula mpando wachitatu, wozungulira, n'kuuika kutsogolo kwa kalilole kuti ukhale wa mlamu. Tsopano ankagwira poyera: Make Mapasa kugawa mizere ndi kuluka yake isanu, mlamu kumaliza, kasitomala mutu uli chilili akuona zonse.

Tsiku lina masana kunalibe anthu, kupatula Wailesi amene anali pabenchi akupukuta nsapato zogulitsa. Mlamu anamenya mpando watsopanowo ndi chikhatho.

"Khalani apa, mlamu. Woluka wotani woyenda ndi mutu ngati chisa cha khwangwala?"

Make Mapasa anakana kaye, kenako anakhala. Anatsamira, anaika dzanja lija pamwendo, natseka maso. Zala za mlamu zinalowa m'tsitsi mwake. Mzere woyamba usanathe Make Mapasa anali atalumpha.

"Mayo! Mukukoka, mlamu! Mukufuna kundisenda?"

"Anandiphunzitsa ndani?"

"Koka, mwana iwe, koka!" anakuwa Wailesi. "Amveko zimene wakhala akutichita ife zaka zonsezi. Ndiye mumve tsopano, wanjinga yamoto uja dzulo wapita kwa alandilodi atavala tayi..."