Chikopa cha mu Firiji

"Kodi nyama iyi ndi ya chaka chiti?" anafunsa Mariamu, atanyamulira jumbo patali ngati muli khoswe wakufa.

Anali atagwada pa firiji, akufuna malo oika mapoto a mpunga omwe anthu ankangobwera nawo chiikireni maliro a mlongo wake, Taufiq, dzulo lake. Nasrin, mkazi wa malemuyo, anali pa kapeti pabalaza. Sanatembenuke n'komwe.

"Si nyama, alamu. Ndi chikopa."

"Chikopa mu firiji? Pamodzi ndi mkaka?"

"Ankachinyowetsa n'kuchisunga pozizira kuti chifewe, maluwa azidindika bwino. Zambiri mukanafunsa eni ake."

Eni akewo anamutopetsa Nasrin zaka zisanu ndi chimodzi. Pakati pa sabata Taufiq ankayendetsa basi ya ana a sukulu. Loweruka likakwana ankalawirira, kudutsa Gaithersburg, kupita kwa mzungu wina wokalamba dzina lake Thomas, kukaphunzira kupanga zishalo za mahatchi, zija za makauboyi a m'mafilimu. Munthu wa ku Balaka, woti ngakhale bulu sanamukwerepo! Lamlungu ndiye kunali go, go, go pa tebulo lodyera, nyundo pa tizitsulo todindira maluwa, mpaka a nyumba yapansi kugogoda denga ndi tsache. Ku maukwati Nasrin ankapita yekha, azimayi n'kumamufunsa mokoma ngati banja likadalipo. Kenako Lolemba mtima unangoima, bambo n'kugwa pafupi ndi basi yake, osasiya ngakhale mawu.

"Anzathu amabwera ku America kudzagwira ntchito zooneka," anatero Mariamu. "Wathuyu kudzalimbana ndi zikopa. Kumudzi akafunsa zomwe wasiya, ndikanena chiyani? Nditaye?"

Nasrin anayang'ana jumboyo. Anali ndi mkwiyo womwe sakanatha kuuthira pa munthu wogona m'manda.

"Tayani."

Kunena zoona, zinamukomera. Mmawa mwake anamva galimoto ya zinyalala ikukhuthula mabini kuseri kwa mdadada wawo ku Silver Spring, ndipo anamwa tiyi wake mpaka kumaliza.

Masana a tsiku lomwelo kunamveka kugogoda. Mariamu atatsegula anapeza nkhalamba yaitali, chipewa m'manja, chishalo itachikolekera m'chiuno. Mariamu anaima pakhomo n'kutambasula mikono.

"Mayi ali pa eda, masiku olira mwamuna wawo," anatero m'Chingerezi chake chothamanga. "Saonana ndi amuna achilendo."

"Munthu amene ankandilanda mwamuna Loweruka lililonse si mlendo," anatero Nasrin. "Musiyeni alowe."

Thomas anavula majombo, n'kukhazika chishalocho pa mkono wa sofa. Nyumba yonse inamveka fungo la chikopa ndi mafuta. Chinali chokongola, ndipo Nasrin anadana nacho chifukwa cha kukongolako. Maluwa ndi masamba zinapotana paliponse, tsamba lililonse ndi mitsempha yake, ulusi wosokera uli mondondozana ngati mano a chipeso. Kumanja kunalendewera chikopa chachitali chogwira chopondera phazi. Kumanzere kunalibe kanthu.

"Pepani kwambiri, mayi," anatero Thomas. "Ichi ndi choyamba chomwe anapanga yekha, ine osagwirapo. Changotsala chikopa cha kumanzereku. Anabwera nacho kuno kuti adzamalize maluwa. Chikakhalitsa chonyowa chimachita nkhungu, n'chifukwa chake ndafulumira."

"Chinatayidwa."

"Chinatayidwa?"

"Ndinalamula ndine. Galimoto yatenga mmawa uno."

Nkhalambayo inapukusa chipewa m'manja kwa kanthawi. Sinakalipe, ndipo zimenezi zinamupweteka Nasrin kuposa kukalipa.

"Anachigwira masabata atatu," inatero motsitsa. "Komabe mwina sitinataye zambiri. Chinali cholakwika. Anachidula chachifupi ndi zala ziwiri poyerekeza ndi chinzakechi. Zaka zonsezi sanaphonyepo muyezo, koma apa ndinamuuza kawiri, iye n'kumangoseka kuti ndichisiye. Ndidula china cholingana bwino. Chikatero chingathe kugulidwa."

"Mwamva, alamu?" anatero Mariamu m'Chichewa. "Ngakhale zikopa zomwezo zinkamukanika."

Nasrin anafunsa Thomas kuti, "Mwati kumanzere?"

"Kumanzere."

"Zala ziwiri?"

"Ziwiri ndendende."

Mwendo wamanzere wa Nasrin unafupika ali ndi zaka zinayi, poliyo itadutsa m'mudzi mwawo ku Ntaja. Ankaubisa ndi madiresi aatali ndi kayendedwe kosamala, moti ngakhale Mariamu anali ataiwala. Tsopano anayang'ananso chishalocho n'kuona kuti pokhalira pake panali papang'ono, posakwana mwamuna wa thupi ngati Taufiq.

Mkwiyo unamukwera.

"Hatchi ndinaipempha liti ine?" anakuwa m'Chichewa, akuloza chishalocho ngati chili ndi makutu. "Liti? Ine ndinkafuna munthu wokwera naye sitima ya Metro, wokhala naye pa ukwati, anthu aone kuti ndili ndi mwamuna. Zaka zisanu ndi chimodzi, pakamwa tsekeni! Kukanakuvutani chiyani kungondiuza?"

Thomas sanamve liwu ndi limodzi lomwe, koma anaweramitsa mutu. Mariamu anafuna kumugwira Nasrin phewa, iye n'kumukankha dzanja.

Nasrin anadzuka. Popanda nsapato sakanatha kubisa, ndipo anatsimphina poyera mpaka pakhomo, pomwe panali mulu wa nsapato za anthu. Anatola yake yakumanzere, n'kupisamo zala, n'kumatula kachidendene ka zikopa zomatikiza, kosalala m'mbali, kakuda ndi thukuta. Nsapato iliyonse yomwe ankagula ankaipeza mmawa mwake ili ndi kotere mkati, koikidwa ndi Taufiq, ndipo nkhaniyo sinatchulidwepo m'nyumbamo ngakhale tsiku limodzi.

Anakaika m'dzanja la Thomas, n'kumupinda zala.

"Muyezo wake ndi umenewu," anatero. "Mudule chachifupi."